Mlandu wa nthawi yotayika ndi wa yani?

Nyengo ya mayeso ikayandikira m'sukulu zaukachenjede, kuyambira ku Zomba mpaka ku Lusaka, pamatuluka ulaliki wina umene sukalamba. Ophunzira amene maso awo afiira chifukwa chogonera pa masamba a mchezo amauzidwa kuti mankhwala a matenda awo alipo, ndi aulere, ndipo kumwa kwake n'kwa mphindi ziwiri zokha. Angotsegula browser pa laputopu, aikemo kachida kotchedwa StayFocusd kapena LeechBlock, akauze kuti Facebook ndi YouTube zisapitirire mphindi 30 pa tsiku, basi moyo wasintha. Olalikirawo, amene ambiri mwa iwo ndi anthu ofunira anzawo zabwino, amaonetsa timizere tamitundumitundu tosonyeza maola amene iwo apulumutsa sabata imeneyo. Kenako pamabwera chiweruzo. Amene walephera kudziletsa ngakhale ali ndi kachida kotere, amati vuto ndi iye mwini, ndi waulesi, analeredwa wopanda mwambo.

Chiweruzo chimenechi n'chokhota. Tizidato si toipa, ndipo tina tinapangidwa mwaluso ndi anthu oona mtima. Choipa ndi chiphunzitso chimene chatikuta, chimene chimachotsa mlandu pamutu pa wotchera msampha n'kuusenzetsa mbewa imene yakodwa.

Kagwiridwe ntchito ka tizidati sikovuta kukamvetsa. Kachidako kamakhala m'kati mwa browser n'kumayang'ana keyala ya tsamba lililonse limene munthu watsegula. Keyalayo ikafanana ndi imene ili pa mndandanda wa masamba oletsedwa, kamayamba kuwerenga masekondi, ndipo nthawi imene mwiniwake anadziikira ikakwana, kamatseka tsambalo. Kusiyana kuli pa ukali wokha. StayFocusd ili ndi batani lotchedwa Nuclear Option, limene munthu akalidina sangalibweze mpaka maola amene anasankha atatha, komanso ikhoza kumulamula kuti akope ndime yonse ya mawu popanda kuphonya chilembo asanaloledwe kusintha malamulo ake. LeechBlock imatha kumuchedwetsa munthu pakhomo kwa masekondi angapo tsamba lisanatseguke, kapena kumuuza kuti alembe zilembo zosakanikirana zokwana 128. Forest imadzala kamtengo pa sikirini, kamene kamafota mwiniwake akazembera ntchito. RescueTime imalemba zonse n'kumupatsa munthu malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Freedom inayambitsidwa ndi Fred Stutzman ali wophunzira pa University of North Carolina, ndipo poyamba inkangodula intaneti yonse kwa maola amene munthu wasankha, moti wofuna kubwerera msanga ankayenera kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Chosekesa n'chakuti LeechBlock inapangidwa ndi James Anderson, mphunzitsi wa zaumulungu ku America, ndiye mwina si mwangozi kuti nkhani ya tizidati imakonda kumveka ngati ya kulapa.

Koma loko aliyense amayesedwa ndi funso limodzi: kiyi ali ndi ndani? Amayi a banki m'khonde anayankha funsoli kalekale. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosilo ndi wachinayi amene alibe kiyi ngakhale mmodzi. Sikuti amayiwo amaganizirana ukuba. Amangodziwa kuti njala ya mwezi wa February siyang'ana nkhope, ndipo munthu amene analumbira mu June si yemweyo amene mwana wake wadwala usiku mu nyengo ya dzinja. Loko wa pa browser alibe nzeru imeneyi. Wotseka ndi wotsekeredwa ndi munthu mmodzi, ndipo kiyi amagona m'thumba la wandendeyo. Pa Chrome, tizida totere sitigwira ntchito pa zenera la Incognito pokhapokha mwiniwake atatiloleza yekha. Browser ina imatsitsidwa pa mphindi zitatu. Kachidako kakhoza kuchotsedwa ndi chala chomwecho chimene chinakaika. Ndipo zonsezi zikakanika, foni ili pambali pa laputopu, chete, ikudikira.

Ofufuza a pa Stanford University anayesa nkhaniyi ndi kachida kawo kotchedwa HabitLab, kamene kanaikidwa pa Chrome ndi anthu masauzande. Mu 2018 anapeza kuti chikumbutso chimodzimodzi chikamabwerezedwa, mphamvu yake imazirala, chifukwa maso amachizolowera monga momwe wokhala pafupi ndi chigayo amazolowerera phokoso. Atayamba kusinthasintha zikumbutsozo, zinagwira ntchito bwinoko, koma anthu ochotsa kachidako anachuluka. Mu 2021 gulu lomwelo linaonetsa kuti anthu amayamba ndi malamulo okhwima, n'kumawafewetsa pang'onopang'ono, kwinaku akudzilonjeza kuti posachedwa awakhwimitsanso. Wolalikira kudziletsa amamva zimenezi n'kunena kuti zatsimikiza kufooka kwa anthu. Koma chida chimene chimathyoka m'manja mwa alimi ambiri, pamalo amodzimodzi, mlandu wake supita kwa alimiwo.

Kuti mpikisanowu uoneke bwino, ndi bwino kuyang'ana amene aima kutsidya. Kale tsamba la pa intaneti linali ndi pothera, ndipo wowerenga akafika pansi ankayenera kusankha ngati apitirire kapena aleke. Mu 2006, Aza Raskin anapanga njira yoti tsamba lizingodzitalikitsa lokha chala chikamatsetsereka, kotero mphindi yosankhira ija inachotsedwa. Patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti amanong'oneza bondo. Kanema wina akatha, wotsatira amayamba yekha osapemphedwa. Munthu akakoka sikirini kuti aone zatsopano, sadziwa chimene chibwere: mwina uthenga wa bwenzi, mwina nthabwala, mwina palibe kanthu. B. F. Skinner anaonetsa pa nkhunda zake zaka zambiri zapitazo kuti mphoto yobwera mosadziwika nthawi ndi imene imachititsa cholengedwa kujompha mosatopa kuposa mphoto yodziwika. Makina a juga amayendera lamulo limeneli, ndipo aliyense amene anaonapo mnyamata akutaya ndalama ya lendi pa kubetcha mpira amalidziwa ngakhale sanamvepo dzina la Skinner.

Eni makampaniwo sanabise. Mu 2017, Sean Parker, amene anali pulezidenti woyamba wa Facebook, anavomereza kuti funso limene linkawatsogolera linali la momwe angadyere nthawi ndi chidwi cha munthu mochuluka kwambiri, ndipo anati ankadziwa kuti akudyera masuku pamutu kufooka kwa maganizo a anthu. Chaka chomwecho Reed Hastings wa Netflix ananena kuti wopikisana naye wamkulu ndi tulo. Mu 2023, Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inapeza pafupifupi madola mabiliyoni 135 a ku America, ndipo pafupifupi ndalama zonsezo zinachokera kwa otsatsa malonda. Otsatsawo amalipirira maso. Mphindi imene wophunzira wa ku Chipata wailanditsa kwa Facebook ndi ndalama imene kampaniyo yataya, ndipo ili ndi mainjiniya masauzande amene ntchito yawo ndi kuyesa mitundu, mawu ndi nthawi ya tizidziwitso pa anthu mamiliyoni kuti mphindiyo isapulumuke. Mbali inayi kuli mtsikana mmodzi wotopa, ali ndi kachida kaulere ndi lumbiro la dzulo. Akagonja, olalikira amamuseka iyeyo.

Makampaniwo ataona kuti madandaulo akula, anachita chinthu chanzeru kwambiri: anatenga chilankhulo cha owadzudzula n'kuchisandutsa malonda. Mu May 2018 Google inalengeza Digital Wellbeing. Mu June Apple inalengeza Screen Time. Mu August, Facebook ndi Instagram zinaika mawotchi awo oonetsa mphindi zimene munthu wakhalapo. Kuyambira pamenepo yankho linali lokonzeka: zida takupatsani, zotsalazo ndi zanu. Koma malire a Screen Time akakwana, pa sikirini pomwepo pamatuluka batani lowanyalanyazira, ndipo munthu amasankha kuwonjezera mphindi imodzi, mphindi 15, kapena tsiku lonse. Mlonda wotere ndi uja amene amatsekula geti yekha n'kufunsa wakuba ngati akufuna thumba.

Umboni woonekeratu unachokera ku TikTok. Mu March 2023 kampaniyo inalengeza kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziimitsidwa akatha mphindi 60 pa tsiku, ndipo manyuzipepala anaiyamikira. Mu October 2024, boma la chigawo cha Kentucky ku America litasuma kampaniyo, mbali zina za zikalata za kukhoti zimene zinayenera kubisidwa zinawerengeka, ndipo atolankhani a NPR anaziulula. Zikalatazo zinasonyeza kuti pa kuyesa kwa kampaniyo, malirewo anatsitsa nthawi ya achinyamata kuchoka pa mphindi pafupifupi 108.5 kufika pa 107 pa tsiku. Mphindi imodzi ndi theka. Zinasonyezanso kuti chimodzi mwa zimene kampaniyo inkayezera kupambana kwa chidacho chinali kukula kwa chikhulupiriro cha anthu kudzera m'zolemba za atolankhani. Ndiye kuti chidacho sichinalephere ayi. Chinagwira ntchito imene chinapangidwira.

Pali munthu mmodzi amene ntchito zake zimafotokoza malonda onsewa mwachidule. Nir Eyal analemba buku la Hooked, limene linatchuka mu 2014 pophunzitsa makampani momwe angapangire zinthu zozoloweretsa anthu. Mu 2019 anatulutsa Indistractable, lophunzitsa anthu momwe angapewere kusokonezedwa. Sing'anga wogulitsa nyanga m'mawa n'kugulitsa mankhwala otsirikira madzulo sasowa makasitomala.

Apa m'pofunika kuchedwapo pang'ono, chifukwa chinyengo chachikulu chili m'mawu. Chichewa chili ndi njira ziwiri zonenera kuti chinthu chaonongeka, ndipo mwana aliyense amazidziwa asanayambe sukulu. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti yaswedwa, chifukwa mneni ameneyu amaitana funso lakuti ndi yani. Amanena kuti yasweka. Kachidutswa ka -ek- kamafafaniza wochita, n'kusiya mbale yokha pansi ngati kuti inadziganizira zosweka. Akatswiri a chilankhulo, kuphatikizapo Sam Mchombo m'buku lake la 2004 lonena za kalumikizidwe ka ziganizo za Chichewa, analemba za kusiyana kumeneku pakati pa -idw- ndi -ik-. Ulaliki wa tizida umalankhula galamala ya mwana wogwetsa mbale. Nthawi yatayika. Wophunzira wasokonezeka. Chidwi cha achinyamata chachepa. M'ziganizo zonsezi mulibe dzanja. Ndipo pamene dzanja lifunika kutchulidwa, limatchulidwa la wokodwayo: mwatha maola anayi, mwapyola malire anu. Palibe kachida kamene kanalembapo pa sikirini kuti wasokonezedwa ndi kampani yakutiyakuti, imene usiku uno yapeza ndalama zakuti pa maso ake. Ngakhale liwu la Chingerezi limene tizidati timagwiritsa ntchito potchula zosokoneza linachokera ku Chilatini, ku mneni wotanthauza kukoka, ndipo palibe chokokedwa chopanda wokoka. Wokokayo anazimiririka m'kupita kwa zaka, mpaka liwulo linasanduka dzina la khalidwe loipa la wokokedwa.

Liwu lachiwiri ndi lija logawa masamba kukhala opindulitsa ndi osokoneza. RescueTime imaika tsamba lililonse pa makwerero a masitepe asanu, ndipo masamba a mchezo imawayambitsira pansi penipeni, pamene mapulogalamu a muofesi imawaika pamwamba. Munthu akhoza kusintha magulu amenewa, koma choikiratucho chimaulula amene ankaganiziridwa: wantchito wa muofesi wa dziko lolemera, amene Facebook kwa iye ndi kozemberako bwana. Mayi wa ku Lilongwe amene amagulitsa zitenje ndi nsapato za kaunjika pa Facebook ndi WhatsApp, maola ake asanu pa masambawo ndi sitolo yake. Mnyamata wa ku Johannesburg amene watha usiku wonse pa gulu la WhatsApp akusonkhetsa ndalama zotumizira thupi la mbale wake ku Mzimba, wotchiyo imamulembera chimodzimodzi ndi amene watha usikuwo akuonera mavidiyo a amphaka. Makinawo amadziwa keyala ya nyumba koma sadziwa zimene zikukambidwa m'nyumbamo. Ola la kupepesa maliro, ola la kutsatsa mbatata ndi ola la miseche, onse amalowa m'thumba limodzi.

Chichewa chinatcha masambawa kuti ndi a mchezo, ndipo dzinali ndi lozama kuposa momwe limaonekera. Kucheza ndi kungokhala pa khonde n'kumaseka, inde, komanso ndi kukaona wodwala, kukhala ndi wamasiye, kulandira mlendo. Ochezera pamaliro sataya nthawi. Munthu amene sacheza ndi anzake amakayikiridwa, ndipo tsiku la tsoka lake anthu amafika mochedwa. George Lakoff ndi Mark Johnson anaonetsa mu 1980 kuti Chingerezi chimalankhula za nthawi ngati ndalama, chinthu chosungidwa, chobwerekedwa ndi choonongedwa. Kaganizidwe kameneka kanalowanso m'Chichewa, koma khomo limene kanadzera likudziwika. Liwu lakuti koloko linabwera ndi Chingerezi, pamodzi ndi belu la ku mishoni, la ku esiteti ndi la ku mgodi. Asanabwere amenewa, tsiku linkagawidwa ndi tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo ndi chisisira. Kuwerenga maola a munthu kunafika m'madera ano ngati chida cha olemba ntchito, pamene kapitawo ankachonga tikiti ya masiku 30 ndipo tsiku limene sanakhutire nalo silinkachongedwa. Sikuti nthawi ya tambala inali paradaiso, kapena kuti wophunzira wa lero angakhoze mayeso poyang'ana mthunzi. Koma munthu amene wadziikira kapitawo m'thumba ali ndi ufulu wofunsa kuti kapitawoyo akuchonga tikiti ya yani. Funsoli si lachabe. Kumapeto kwa 2020, Microsoft inatulutsa Productivity Score, imene inkalola mabwana kuona dzina la wantchito aliyense ndi kagwiritsidwe ntchito kake ka mapulogalamu a kampaniyo, ndipo inachotsa mayinawo pokhapokha anthu atakuwa kwambiri.

Ngakhale zonsezi zitaiwalidwa, ulalikiwu ukanagwabe pa chifukwa china chapafupi. Anthu ambiri a m'chigawo chino salowa pa intaneti kudzera pa laputopu. Amalowera pa foni, ndipo mafoni ambiri ndi a Android. Chrome ya pa Android simalola tizida ta mtundu umenewu n'komwe. Firefox inatsegula khomo lake kwa tizida tambiri pa Android mu December 2023, koma ndi angati amene amatsegula Facebook kapena TikTok kudzera pa browser pamene pulogalamu yake ili pa sikirini yoyamba, nthawi zina itabwera kale ndi foniyo kuchokera ku fakitale? Kutchinga khomo la browser kuli ngati kumanga linga lolimba kumaso kwa munda, kumbuyo kuli kosatchinga kumene mbuzi zimalowera.

Ndipo kumbuyoko kuli mtengo wa data. Makampani a mafoni m'mayiko ambiri a kuno amagulitsa mabandulo a WhatsApp, Facebook kapena TikTok okha, otsika mtengo kuposa bandulo yotsegula intaneti yonse. Wophunzira amene watsala ndi ndalama zochepa akayerekeza mitengo, amaona kuti kukhala maola pa masamba a mchezo n'kotheka, koma kutsitsa pepala la kafukufuku kapena kuonera phunziro lathunthu kumafuna bandulo ina. Njirayi inalambulidwa poyera. Mu July 2014, Zambia inakhala dziko loyamba kulandira pulogalamu ya Internet.org ya Facebook, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, yopatsa anthu masamba ochepa osankhidwa mosalipira data, Facebook ili pakati. Malawi inatsatira mu 2015. Kwa anthu ambiri, intaneti ndi Facebook zinakhala chinthu chimodzi. Pamenepo m'pamene pamalengezedwa ntchito, maliro, zotsatira za mayeso, mtengo wa feteleza ndi uthenga wa aphunzitsi kwa kalasi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene amauza wophunzira kuti angotseka Facebook saona kuti mumkhatemo ndi mmene muli madzi akumwa a banja lonse.

Pali mtengo winanso umene olalikira satchula. Kachida kowerenga nthawi sikangagwire ntchito popanda kuona keyala ya tsamba lililonse limene munthu watsegula, ndipo tambiri timapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zonse za pa masambawo. Chilolezo chimenechi anthu amachidina osachiwerenga. Komatu mndandanda wa masamba amene munthu watsegula pa chaka umaulula matenda ake, ngongole zake, chipani chake ndi amene amamuganizira usiku. Mbiri ya tizida ta pa browser siipereka mtendere pa mfundo imeneyi. Stylish kanali kachida kosinthira maonekedwe a masamba, kogwiritsidwa ntchito ndi anthu pafupifupi mamiliyoni awiri. Katagulidwa ndi kampani yofufuza za misika ya SimilarWeb, kanapezeka mu 2018 kakutumiza mbiri ya masamba a anthu kwa eni ake atsopanowo, ndipo Google ndi Mozilla anakachotsa m'misika yawo. Avast, kampani yodziwika ndi zoteteza makompyuta, inatseka nthambi yake ya Jumpshot mu January 2020 zitaululika kuti inkagulitsa mbiri yotereyi, ndipo mu 2024 bungwe la FTC la ku America linailipiritsa madola mamiliyoni 16.5. Tizida tiwiriti sitinali towerenga nthawi, ndipo si chilungamo kunena kuti kowerenga nthawi kalikonse ndi kazitape. LeechBlock, mwachitsanzo, ndondomeko yake yonse ili poyera moti aliyense wodziwa akhoza kuiwerenga. Koma kachida kaulere kamasintha eni mwakachetechete, chilolezo chija chili chikhalire, ndipo mwini laputopu sauzidwa. Wothawa kuwerengedwa ndi Facebook akhoza kudzipereka yekha kwa wowerenga wina amene dzina lake sanalimvepo.

Wotsutsa adzafunsa kuti, ndiye munthu alibe udindo pa moyo wake? Akhale pansi kudikira kuti makampani a ku California alape? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake ndi lakuti udindo ulipo, komanso tizida tina timathandiza ndithu. Mu 2022, akatswiri a zachuma Hunt Allcott, Matthew Gentzkow ndi Lena Song anasindikiza kafukufuku wa anthu pafupifupi 2,000 a ku America. Amene anapatsidwa mwayi wodziikira malire pa foni anachepetsa nthawi yawo ndi mphindi pafupifupi 22 pa tsiku, ndipo ofufuzawo anayerekeza kuti 31 peresenti ya nthawi ya pa masamba a mchezo imabwera chifukwa cha kulephera kudziletsa. Mphindi 22 si zachibwana. Pa mwezi zimakwana maola 11. Koma manambalawa akaikidwa pambali pa mphindi imodzi ndi theka ya TikTok, amanena zosiyana ndi zimene olalikira amafuna. Malire opangidwa ndi anthu ofuna kuti agwire ntchito amagwira, ndipo opangidwa ndi wodyera pa kusowa kwa malire sagwira. Kusiyanaku kuli m'kapangidwe, si m'mitima ya ogwiritsa ntchito. Nawo 31 peresenti uja akutanthauza kuti pafupifupi ola limodzi pa maola atatu alionse ogulitsidwa kwa otsatsa malonda ndi ola limene mwiniwake sanafune kulipereka. Wogulitsa mowa amene gawo lotere la phindu lake limachokera kwa anthu olira kuti akufuna kusiya sangadzitchule kuti ndi wongopereka zimene makasitomala apempha.

Choncho amene akulemba kafukufuku wake pa laputopu sanalakwe kuika kachida kochedwetsa khomo kapena kochotsa mtsinje wa nkhani n'kusiya mauthenga, monga News Feed Eradicator. Angachite bwino kwambiri atatengera nzeru ya banki m'khonde, n'kusungitsa pasiwedi kwa mnzake amene sadzamumvera chisoni pakati pa usiku. Chimene sayenera kuvomera ndi manyazi. Manyazi ndi amene amasandutsa nkhani ya anthu onse kukhala chinsinsi cha munthu mmodzi, ndipo anthu ochita manyazi salemba madandaulo.

Kumene madandaulo analembedwa, zinthu zinasuntha mofulumira kuposa momwe lumbiro la munthu aliyense lingachitire. Mu February 2016, bungwe loyang'anira za mafoni ku India linaletsa kulipiritsa data mosiyanitsa masamba, ndipo Free Basics inatsekedwa m'dzikomo. Mu April 2024, TikTok inayambitsa ku France ndi ku Spain ndondomeko yolipira anthu timphoto chifukwa choonera mavidiyo. European Commission inatsegula mlandu pansi pa lamulo la Digital Services Act, ndondomekoyo inaimitsidwa pasanathe sabata, ndipo mu August kampaniyo inalonjeza kuichotseratu m'mayiko onse a bungwelo. Palibe wachinyamata wa ku Madrid amene anafunika kukopa zilembo 128 kuti zimenezi zitheke. Ku South Africa, m'nthawi ya mliri wa 2020, masamba ambiri a maphunziro anatsegulidwa mosalipira data, zimene zinaonetsa kuti luso lochepetsera mtengo wa tsamba limodzi silidziwa Facebook yokha.

Mayiko a kuno sangalamule mainjiniya a ku Menlo Park kapena a ku Beijing kuti asinthe kapangidwe ka masamba awo, chifukwa msika wake ndi waung'ono. Koma mitengo ya mabandulo imakonzedwa ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Maputo ndi ku Harare, ndi makampani amene ziphaso zawo zimachokera ku MACRA, ZICTA, INCM ndi POTRAZ. Mabungwe amenewa ali ndi maofesi olandirira madandaulo a ogula, ndipo nthawi zina amaitana anthu kuti apereke maganizo. Mabungwe a ophunzira amene amakonza misonkhano yophunzitsa kugwiritsa ntchito bwino nthawi, n'kuitana wolankhula wa suti kuti adzaonetse timizere ta RescueTime, akhoza kutenga masana amodzi omwewo n'kulemba kalata yofunsa chifukwa chake megabayiti yopita ku laibulale ya yunivesite imadula kuposa yopita ku TikTok, pamene zonse zimadutsa pa nsanja imodzi yomweyo.